Tsamba Limodzi pa Foni, Mapepala Asanu ndi Awiri pa Kauntala

Loweruka lina m'mawa, mvula itangokata, ndinalowa m'kasitolo kena pafupi ndi depoti ya mabasi. Ndi timasitolo tija timene mumapezamo zonse: kufotokopa, kupulinta, kumata pulasitiki pa satifiketi, kujambula zithunzi za pasipoti. Patsogolo panga panali mayi wina wachikulire ndi mwana wake wamkazi amene anali atangolemba mayeso a Fomu 4. Mtsikanayo anali atapeza pa foni chilengezo cha sukulu ina ya ntchito zamanja, ndipo amayi ake ankafuna kuti chilengezocho chikhale papepala, akachisonyeze kwa amalume ake a mwanayo amene ankayembekezeka kuthandizapo pa fizi.

Mnyamata wa pakauntala anatsegula tsambalo pa kompyuta n'kudina. Makina analira, n'kuyamba kulavula mapepala, ili likutuluka ili likutsatira.

"Amayi, atuluka asanu ndi awiri."

"Asanu ndi awiri bwanji, mwanangu? Mnzanuyu wandiuza kuti ndi tsamba limodzi."

"Pafoni ndi limodzidi, amayi. Koma likafika kumakinaku limachuluka."

Mayiwo sanachite naye makani. Anamasula mfundo ya pachitenje n'kulipira mapepala onsewo. Ine ndinapempha kuti ndiwaone. Pepala loyamba linali ndi chizindikiro cha sukuluyo komanso mndandanda wa mabatani amene munthu amadina akakhala pa intaneti, otsikira pansi ngati makwerero. Lachiwiri linadzaza ndi chithunzi cha nyumba za sukulu chimene chinatuluka chakuda bii, chitamwa inki. Nkhani yeniyeni inayambira pa pepala lachitatu. Pa lachinayi panali tebulo losonyeza maphunziro, fizi, ndi tsiku lotseka kulandira makalata, koma mbali ya kumanja inali itadulidwa, ndipo danga limene linapita ndi la tsiku lotsekalo. Pepala lomaliza linali ndi mzere umodzi wokha pamwamba, kunsi konse mbee.

Mayi uja analipira kasanu ndi kawiri, koma chimene anabwerera sichinalipo. Zinandiwawa, chifukwa ndinkadziwa kuti mnyamatayo sanalakwe, ndipo makinawo anachita zimene anauzidwa. Chosowa chinali mizere yowerengeka imene munthu wokonza webusaitiyo sanalembe, mwina chifukwa sizinam'bwerere m'mutu kuti wina adzafuna kunyamula tsamba lake m'manja. Njira yolembera mizereyo yakhalapo kuyambira 1998.

Nsalu imodzi, miyeso iwiri

Tsamba lililonse la pa intaneti limamangidwa ndi zinthu zingapo, koma ziwiri ndizo zikutikhudza pano. Choyamba ndi HTML, mmene mumakhala mawu enieni ndi zizindikiro zouza kompyuta kuti uwu ndi mutu, iyi ndi ndime, ili ndi tebulo, ichi ndi chithunzi. Chachiwiri ndi CSS, malamulo a kaonekedwe: mutu ukhale waukulu bwanji, zilembo zikhale zamtundu wanji, chithunzi chikhale kumanzere kapena kumanja. HTML ili ngati nsalu, ndipo CSS ili ngati kope la telala mmene analembamo miyeso. Telala wodziwa ntchito sasoka diresi la agogo pa miyeso ya mdzukulu ngakhale nsaluyo ili yofanana. Ndi mmene zililinso ndi tsamba. Mawu omwewo angathe kupatsidwa miyeso ina akamaonekera pa sikirini, n'kupatsidwa ina akamapita papepala, popanda kuwalembanso kachiwiri.

CSS inabadwira ku CERN, malo ofufuzira sayansi a pafupi ndi mzinda wa Geneva, komwe Tim Berners-Lee anayambitsira masamba a pa intaneti monga tikuwadziwira lero. Pa 10 Okutobala 1994, Håkon Wium Lie wa ku Norway, amene ankagwira ntchito kumeneko, anatulutsa chikalata chofotokoza za CSS koyamba. Iyeyu anali ataphunzirapo ku MIT Media Lab ku America, komwe ankafufuza za nyuzipepala zowerengera pa kompyuta, ndiye nkhani ya kaonekedwe ka zolembedwa inali m'magazi mwake. Anagwirizana ndi Bert Bos wa ku Netherlands, ndipo mu Disembala 1996 bungwe la W3C, limene limakhazikitsa malamulo a masambawa, linavomereza gawo loyamba la CSS.

Gawo lachiwiri, lotchedwa CSS2, linatuluka mu Meyi 1998, ndipo ndi limene linabweretsa nkhani yathuyi. Olemba ake anatchula mwatchutchu malo osiyanasiyana kumene tsamba lingakathere: pa sikirini, papepala, pa wailesi ya kanema, pa makina oonetsera zithunzi pakhoma, pa kachipangizo ka m'manja, pa makina owerengera mokweza anthu osaona, ngakhalenso pa zilembo za Braille. Ndikauwerenga mndandanda umenewu ndimawalemekeza anthu amenewa. Pa nthawi imene intaneti inali ya anthu ochepa okhala ndi makompyuta akuluakulu a padesiki, iwo anali ataganizira kale za munthu wowerenga ndi zala komanso za munthu wopanda kompyuta amene tsamba lidzam'fikira kudzera papepala. Mayina ambiri a pa mndandandawo anasiya kugwiritsidwa ntchito m'kupita kwa nthawi, koma la sikirini ndi la pepala akadalipo. Wokonza tsamba akalemba mawu akuti @media print, chilichonse chimene walemba mkati mwake chimagona tulo mpaka munthu atadina batani losindikizira.

Anthu sanathamangire kuigwiritsa ntchito njirayi. Amene anayamba kale kuyenda pa intaneti akukumbukira kuti manyuzipepala ambiri ankaika kalinki pambali pa nkhani kopita ku tsamba lina lopanda zokongoletsa, lokonzedwera makina osindikizira. Zinkathandiza ndithu, koma zinkatanthauza kusunga masamba awiri a nkhani imodzi, ndipo wowerenga akaiwala kudina kalinkiko ankakolola zimene anakolola mayi uja. Mu Meyi 2002 Eric Meyer, mmodzi wa aphunzitsi odziwika a CSS, analemba nkhani yotchedwa Going to Print m'magazini ya A List Apart, yosonyeza kuti tsamba lachiwirilo n'losafunika. Zambiri mwa zimene anaphunzitsa m'nkhaniyo zikugwirabe ntchito lero, patatha zaka zoposa 20.

Pepala lili ndi malire

Kuti timvetse chimene chimalakwika, tiyenera kuona kusiyana kwa sikirini ndi pepala. Tsamba la pa sikirini ndi mpukutu wopanda mapeto: mumangokankha ndi chala, mawu n'kumabwerabe. Likakula m'mbali, mumakankhiranso m'mbali. Pepala la A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, basi. Mu CSS, inchi imodzi imawerengedwa ngati mapikiselo 96, ndiye pepala la A4 ndi mapikiselo pafupifupi 794 m'lifupi, tisanachotsepo mpata wa m'mphepete. Masamba ambiri amakonzedwa poganizira sikirini ya mapikiselo 1,200 kapena kuposa. Bulawuza, ndiye kuti pulogalamu yotsegulira masamba monga Chrome, Firefox kapena Safari, ikapatsidwa tsamba lotero kuti ilisindikize, imasankha pakati pa zoipa ziwiri: kulifinya mpaka zilembo zisanduke nyerere, kapena kudula zotsala kumanja.

Pali chinanso chimene chimadabwitsa ngakhale okonza masamba. Masiku ano masamba amakonzedwa kuti azisintha kaonekedwe malinga ndi kukula kwa sikirini. Popeza pepala ndi lopapatiza, tsamba limatha kuganiza kuti lili pa foni, n'kuyamba kusanjikiza zinthu chimodzi pansi pa chinzake. Makwerero a mabatani aja a pa pepala loyamba la mayi uja anachokera pamenepa.

Ntchito yoyamba ndi kusesa. Menyu, bokosi lofufuzira, mabatani a Facebook ndi WhatsApp, malonda, vidiyo: zonsezi papepala ndi zinyalala, chifukwa palibe amene angadine pepala. Lamulo lakuti display: none limazichotsa. Choopsa kwambiri ndi zinthu zimene zimamatidwa pamalo amodzi pa sikirini, monga kachikwangwani kopempha chilolezo kamene kamatsatira munthu kulikonse. Malamulo a CSS amati chinthu chomatidwa motero chibwerezedwe pa pepala lililonse, ndiye mumapeza chaphimba mizere itatu pa tsamba loyamba, itatu pa lachiwiri, mpaka kumapeto.

Koma tsache lisapitirire. Ndaonapo mapepala oyera bwino, owerengeka bwino, koma osasonyeza kuti achokera kuti. Wokonza anachotsa mutu wonse wa webusaiti pamodzi ndi dzina la bungwe. Pepala lotero likafika m'manja mwa amalume kumudzi, adzalikhulupirira bwanji? Dzina la mwini chilengezo, tsiku limene chinalembedwa, nambala ya foni ndi keyala ziyenera kutsala, ndipo ngati pa sikirini zimabisika pansi penipeni, papepala zikwezedwe pamwamba. Pepala limayenda lokha, lopanda wolilankhulira.

Palinso zinthu zofunika kuvundukula. Masamba ambiri amapinda mayankho a mafunso kuti aoneke pokhapokha munthu akadina. Akasindikizidwa osawatambasula, papepala pamatuluka mafunso okhaokha. Matebulo aakulu amaikidwa m'bokosi loti munthu azikankha m'mbali, ndipo papepala bokosilo limasanduka mpeni. Ndi limene linadula tsiku lotseka lija. Mankhwala ake ndi osavuta: kuuza bokosilo kuti papepala lisabise kalikonse, kulola tebulo kuti litambasuke molingana ndi pepala, kuchepetsako zilembo zake pang'ono, ndipo ngati madanga achulukitsa, kuligoneka pepalalo chammbali.

Nkhani ya mitundu nayo ili ndi misampha yake. Mabulawuza, pofuna kusunga inki, sasindikiza mitundu ya kumbuyo kwa mawu pokhapokha munthu atapempha. Ndi nzeru yabwino, koma tsamba la zilembo zoyera pa mtundu wakuda limatha kutuluka lotuwa, lovuta kuwerenga. Ndi bwino kungonena poyera kuti papepala zilembo zikhale zakuda, kumbuyo kuyere. Pamene mtundu uli wofunikadi, monga pa chizindikiro cha chenjezo, pali lamulo lotchedwa print-color-adjust lopempha bulawuza kuti isausinthe. Komabe ine ndinganene kuti wokonza tsamba asadalire mtundu kunyamula uthenga. M'timasitolo tathu ambiri amasindikiza zakuda ndi zoyera chifukwa zamitundu n'zodula. Tebulo losonyeza okhoza ndi mtundu wobiriwira, olephera ndi wofiira, likadutsa m'makina otero onse amatuluka otuwa mofanana. Lembani mawu akuti wakhoza.

Nanga malinki? Pa sikirini mawu akuti dinani apa ali ndi tanthauzo. Papepala ndi chala choloza m'malere. Njira imene Meyer anaitchukitsa ndi youza bulawuza kuti ikamasindikiza ilembe keyala yonse ya linkiyo pambuyo pa mawuwo, kuti wowerenga akathe kuitaipa yekha. Ndi mzere umodzi wa CSS. Koma ukauthira paliponse, ndime imadzaza ndi makeyala aatali ngati njoka, ena a mizere itatu. Ndi bwino kuuika pa malinki a mkati mwa nkhani okha, amene akupita kunja kwa tsambalo.

Amasiye a m'nyumba yosindikizira

Gawo limene ndimalikonda kwambiri ndi la kumene pepala likuthera, chifukwa apa CSS inatengera nzeru kwa amisiri akale osindikiza mabuku, aja ankasanja zilembo zachitsulo ndi manja. Amisiriwa ankadana ndi zinthu ziwiri. China ndi mzere woyamba wa ndime wotsala wokha pansi pa tsamba, anzake onse atawolokera kutsidya. China ndi mzere womaliza wa ndime wopezeka wokha pamwamba pa tsamba latsopano. M'Chingerezi woyambawo anautcha mwana wamasiye, wachiwiriwo mkazi wamasiye. Ife mawu athu amodzi akuti amasiye akukwanira onse awiri. CSS inasunga mayina omwewo, orphans ndi widows, ndipo wokonza amatha kunena kuti mizere yotsala yokha isachepere pa itatu. Akapanda kunena, mabulawuza amene amamvera lamuloli amawerenga iwiri. Firefox yakhala zaka zambiri isakulimvera, n'chifukwa chake kuyesa tsamba m'bulawuza imodzi yokha sikukwanira.

Wina angati zimenezi n'zokongoletsa chabe. Pa buku la nthano mwina n'zoona. Koma pepala lachisanu ndi chiwiri lija, la mzere umodzi, linalipiridwa mtengo wofanana ndi ena onse.

Pali malamulo enanso a banja lomweli. Lakuti break-inside: avoid limaletsa kudula chinthu pakati: chithunzi chisagawike mutu uku miyendo uko, mzere wa tebulo usathyoke dzina la mwana pa pepala ili, magiredi ake pa linalo. Lakuti break-after: avoid likaikidwa pa mutu, mutuwo sutsala wokha pansi pa pepala nkhani yake itapita kutsogolo. Lakuti break-before: page limayambitsa pepala latsopano, zimene zimathandiza sukulu yofuna kusindikiza malipoti a ana 60 nthawi imodzi, aliyense pa pepala lakelake. Ndipo tebulo lalitali likalembedwa bwino mu HTML, mzere wa mitu yake utaikidwa m'chizindikiro cha thead, bulawuza imaubwereza yokha pamwamba pa pepala lililonse. Aliyense amene anaimapo pa bolodi la zilengezo akufufuza dzina pa pepala lachinayi, n'kumabwerera ku loyamba kukaona kuti danga lachitatu ndi la chiyani, akudziwa phindu la zimenezi.

Kukula kwa pepala nako kumasokoneza. A4 imene timagwiritsa ntchito kuno inachokera ku muyezo wa ku Germany wa 1922, umene anaukonza Walter Porstmann, ndipo unakhala muyezo wa mayiko ambiri mu 1975 pa dzina lakuti ISO 216. Ubwino wake ndi wakuti ukapinda pepala pakati, theka lake limasunga maonekedwe omwewo: A4 iwiri ndi A3, theka la A4 ndi A5. Nzeru imeneyi anailembapo kale Georg Christoph Lichtenberg, katswiri wa sayansi wa ku Göttingen, m'kalata ya mu 1786. Koma ku United States ndi ku Canada amagwiritsa ntchito pepala lotchedwa Letter, la mainchi 8.5 ndi 11, limene ndi lotambalala kuposa A4 ndi mamilimita pafupifupi 6 koma lalifupi ndi mamilimita pafupifupi 18. Mapulogalamu ambiri ndi masamba ogula okonzakonza amachokera kumeneko. Fomu yoyezedwa pa Letter ikafika pa A4 imadya m'mphepete, ndipo yoyezedwa ndendende pa A4 ikafika kwa m'bale wathu ali ku America, malo osainira amagwera pa pepala lachiwiri. Lamulo la @page limalola kunena kukula kwa pepala ndi mpata wa m'mphepete, m'masentimita kapena mamilimita enieni. Ine ndimaona kuti pa nkhani wamba n'kwanzeru kungosiya mpata wokwanira n'kulola mawu kuti ayende okha molingana ndi pepala limene apeza. Kukakamiza kukula kuzikhala kwa zinthu monga satifiketi ndi malisiti. Mpatawo usaumiridwe: makina ambiri safikitsa inki kumphepete kwenikweni, ndipo kuofesi pepalalo akaliboola kuti alilowetse m'fayilo.

Pali mbali ina imene ikukhudza ife olemba zilankhulo za kuno. Chilembo cha ŵ, chimene ena amalemba m'dzina lakuti Malaŵi ndipo chimapezeka kwambiri m'Chitumbuka, sichipezeka m'mafonti onse. Fonti yokongola ikakhala ilibe chilembochi, kompyuta imabwereka kwina, ndiye pakati pa mawu pamaoneka chilembo chachilendo, kapena kabokosi kopanda kanthu. Papepala, pomwe palibe kukonzanso, chilema chimenechi chimakhalapo mpaka kalekale. Chachiwiri ndi kutalika kwa mawu athu. Liwu ngati lakuti sitinawamvetsetse likakana kukwana kumapeto kwa mzere limasamuka lonse, ndipo ngati ndime yakonzedwa kuti ilingane mbali zonse ziwiri, pakati pa mawu otsalawo pamatseguka mipata ngati mano oguluka. CSS ili ndi lamulo lodula mawu, koma limagwira ntchito pokhapokha bulawuza ikhale ndi malamulo a chilankhulocho ndipo tsamba linene chilankhulo chake. Chizindikiro cha Chichewa ndi ny. Vuto limabwera tsamba la Chichewa likasiyidwa ndi chizindikiro cha Chingerezi, chifukwa mawu amadulidwa Chingerezichingerezi, pamalo amene Mchewa sangapumirepo. N'zomvetsa chisoni, chifukwa Chichewa n'chosavuta kudula: pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa a, e, i, o kapena u. Pakadali pano chanzeru ndi kusiya mbali ya kumanja ya ndime kuti izithera pomwe yathera.

Buku lonse lochokera ku tsamba

Kuti CSS ingafike pati papepala, Lie ndi Bos anasonyeza okha. Mu 2005 anatulutsa kachitatu buku lawo lotchedwa Cascading Style Sheets: Designing for the Web. Analilemba mu HTML, kaonekedwe kake konse n'kukakonza ndi CSS, kenako n'kulidutsitsa mu pulogalamu yotchedwa Prince, ya kampani ya YesLogic ya ku Melbourne m'dziko la Australia, imene inatulutsa PDF yopita kwa osindikiza. Manambala a masamba, mitu ya pamwamba pa tsamba lililonse, mndandanda wa zamkatimu wosonyeza tsamba lolondola: zonsezi zinachokera ku malamulo a kaonekedwe. Lero kuli mapulogalamu ena ochita ntchito yomweyo, ena aulere. WeasyPrint inayambira ku France, Vivliostyle ku Japan, ndipo palinso Paged.js. Malisiti ndi malipoti ambiri amene anthu amalandira ngati PDF amayamba moyo wawo ngati tsamba la HTML.

Mabulawuza wamba ndiwo anatsalira m'mbuyo kwa nthawi yaitali. Opanga ake ankalimbirana liwiro, mavidiyo ndi mafoni, pepala lili kumapeto kwa mzere. Chrome inayamba kulola wokonza tsamba kulemba zakezake m'mphepete mwa pepala, monga kuti tsamba 2 mwa masamba 5, mu Novembala 2024, pa Chrome 131. Mawu ochepa amenewa ndi amene amauza kalaliki wa muofesi kuti pepala lina lasowa.

Wina adzafunsa kuti, bwanji osangoika PDF pa webusaiti, nkhani n'kutha? PDF, imene kampani ya Adobe inatulutsa mu 1993, inapangidwiradi zimenezi, ndipo pa fomu yofunika kudzazidwa ndi cholembera m'timabokosi toyezedwa palibe choiposa. Koma ili ndi mtengo wake. Pa foni yaing'ono imawerengeka movutikira, munthu akukuza ndi kukankha uku ndi uku. Ikakhala yojambulidwa pa sikana imalemera n'kumaliza bandulo. Ndiponso imabweza vuto lakale lija la makope awiri: tsiku likasintha, wina amakonza pa tsamba n'kuiwala mu PDF, anthu n'kumayenda ndi tsiku lolakwika. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti munthu akasankha kusunga tsamba ngati PDF kuchokera m'bulawuza, malamulo amene amagwira ntchito ndi omwewa a @media print. Ndiye ngakhale tsamba lisakafike konse kumakina osindikizira, PDF imene ikuzungulira m'magulu a WhatsApp a makolo, a mpingo kapena a alimi imakhala yabwino kapena yoduka malinga ndi mizere yomwe ija.

Mu 1975 magazini ya Business Week inalemba za ofesi ya m'tsogolo mmene mapepala adzatheratu. Papita zaka pafupifupi 50, ndipo timasitolo topulinta tikungochuluka. Zifukwa zake tikuzidziwa tonse. Chidindo chimafuna pepala, siginecha ya amfumu kapena ya ahedi imafuna pepala. Magetsi akazima foni imatha moto, bandulo imatha pakati pa mwezi, koma pepala lokhomedwa pa bolodi la pachipatala limawerengedwa ndi anthu mazana popanda wolipira kanthu. Ndipo amene amadalira pepala kwambiri ndi amene ali kutali ndi intaneti: agogo, mlimi, kholo lopanda foni yamakono. Wokonza webusaiti, amene ali ndi laputopu ndi intaneti ya muofesi, sakumana nawo anthu amenewa, ndiye kulakwitsa kwake sakumva kuwawa kwake. Pa ichi ndimaimba mlandu kwambiri mabungwe opereka ntchitoyo kusiyana ndi anyamata ndi atsikana oikonza. Polandira webusaiti yatsopano, akuluakulu amaiona pa pulojekita, amaiona pa foni, n'kuwomba m'manja. Sindinamvepo wina akunena kuti tatiyeni tiipulinte tione. Chikhalirecho kuyesako sikufuna ngakhale pepala limodzi: kudina Ctrl ndi P pamodzi kumaonetsa pa sikirini mmene mapepala adzatulukire ndi kuchuluka kwake.

M'kasitolo muja, nditamaliza kuona mapepalawo ndinawauza mayiwo kuti tsiku lotseka silikuoneka. Mnyamata wa pakauntala anachita manyazi ngati wolakwa ndi iye. Anandiuza kuti pakakhala popanda mzere wa anthu, amakopera mawu a pa tsamba n'kuwaika mu Word, kufufuta zosafunika, kukonza tebulo ndi manja, kenako n'kupulinta. Zimamudyera mphindi khumi kapena kuposa pa kasitomala mmodzi, ndipo salipiritsa. Tsiku limenelo anthu anali atafika mpaka pakhomo.

Anabwerera pa kompyuta, n'kukankha tebulo lija kumanja mpaka danga lobisikalo litaonekera. Anatenga cholembera chabuluu n'kukopera masikuwo mmodzimmodzi m'mphepete mwa pepala lachinayi, moyang'anizana ndi dzina la phunziro lililonse, mtsikana uja akumuwerengera mokweza kuti asalakwitse.

"Amalume anu akaone apa ndalemba pamanjapa, achemwali. Musataye limeneli."

Mayiwo anasankha mapepala atatu amene anali ndi nkhani, n'kuwapinda bwinobwino m'jumbo poopa mvula. Anayi otsalawo anawasiya pakauntala, ndipo mnyamatayo anawatembenuza n'kuwaika pa mulu wa ena otero, amene kumbuyo kwake amalembapo ngongole za makasitomala.